Mbale ya Apongozi Inanditsekula Pakamwa

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, azimayi anzanga a chigwirizano, ndi inu achinyamata kumbuyo uko, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu Yesu. Muli bwanji? Ine ndili bwino, bwino kwambiri.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andiuza kuti ndifupikitse, koma mundikhululukire, pakamwa panga patsekuka posachedwapa, sipanaphunzire kutseka.

Ambiri mumandidziwa kuti amake Tisa, a ku Chelstone. Ndine mphunzitsi. Zaka zambiri ndakhala wachiwiri kwa ahedi pa sukulu ina ku Kabwata. Mtima wanga unkafuna kuti tsiku lina ndidzayendetse sukulu, ndiye ndinabwerera ku yunivesite kukaphunzira za utsogoleri wa masukulu, mpaka digiri yomaliza ija, ya udokotala. Osati dokotala wa jakisoni, amayi, musabwere kudzandionetsa mawondo tikaweruka!

Kafukufuku wanga anali pa funso limodzi: n'chifukwa chiyani aphunzitsi achinyamata amangokhala duu pa msonkhano ahedi akamalankhula, ngakhale akuona kuti zinthu zikulakwika? Ndinayenda, abale. Kabwata, Emmasdale, Avondale, Kabulonga, kukwera minibasi, kutsika, kufunsa, kulemba. Nsapato zinatha. Buku linatuluka lonenepa, loti ukagendera galu sadzabweranso.

Tsono kumapeto kuli chinthu chimene amati difensi. Umalowa m'chipinda, mapulofesa akhala kutsogolo kwako. Buku lako aliwerenga kale, ndipo ntchito yawo ndi kulitsutsa. Ntchito yako ndi kuliteteza ndi pakamwa pako. Ukalephera pamenepo, zaka zonse zija zalowa m'madzi, ndipo za uhedi uiwale.

Mayi amene ankandiyang'anira pa kafukufukuyu, supavaiza wanga, anati tiyeserere kaye. Anaitana bambo wina wachikulire wa pa yunivesitepo kuti andifunse mafunso. Bambo uja anatsekula buku, n'kunena kuti, "Mutu uwu ndi wofooka." Ine ndinati, "Zoona, bambo." Anati, "Aphunzitsi amene munawafunsawa ankakunamizani." Ine, "Zingatheke, bambo." Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mwina buku lonseli tingolitaya." Abale, mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, "Mmene mwaonera, bambo."

Sekani, sekani ndithu, koma tsikulo sindinaseke. Supavaiza, Mbemba wosabisa mawu, anandikokera pakhonde. Anati, "Shani, ba madamu, mwatani? Buku ili analemba ndani? Mukachita chonchi tsiku lenilenilo, adzati si lanu, ndipo adzakugwetsani."

Azimayi anzanga a kummawa, inu mukundimvetsa. Ine ndinakulira ku Katete. Alangizi anandiuza kuti wamkulu akamalankhula maso pansi, wamkulu sayankhidwa. Mawu amenewo analowa mpaka m'mafupa. Ana a sukulu ndimawakalipira bwinobwino, amuna anga nawonso angachitire umboni, koma imvi zikangoima patsogolo panga, lilime limafa. Ine wofufuza za anthu osalankhula, wodwala wamkulu ndinali ine ndemwe.

Ndinalira mu minibasi kuchokera m'tauni mpaka ku Chelstone. Ndinapemphera kuti, Ambuye, munatsekula pakamwa pa bulu, nanga ine ndine wovuta kuposa bulu?

Tsono tamverani mmene Mulungu amayankhira. Kunyumba kwathu timakhala ndi apongozi anga aamuna, atate awo a amuna anga, chimwalirire apongozi aakazi. Monga mwa mwambo, ine ndi iwo sitinkalankhulana maso ndi maso. Akakhala pabalaza, ine ndili kukhitchini. Madzi ndinkapereka nditagwada pakhomo. Nkhani ikakhalapo inkadzera mwa mwana wawo. Zaka zonsezi, mawu anga kwa iwo anali "Mwauka bwanji, atate" ndi "Zikomo, atate", basi.

Amuna anga anawafotokozera za vuto langa. Loweruka masana ndikuchapa, ndinangomva mwana akuti agogo akukuitanani pakhonde. Ndinamanga chitenje, n'kukagwada patali, maso pansi. Ndinamva kuti ngwee! Kuyang'ana chonchi, aika kandalama kachitsulo m'mbale yaing'ono, monga timachitira pa nkhani za ukwati tikafuna kuti a mbali ina alankhule. Anakankha mbale ija ndi ndodo yawo mpaka inafika pa mawondo anga.

Anati, "Amake Tisa, ndatsekula pakamwa panu. Kuyambira lero muzindiyankha. Tsopano tamverani: lero ndi Lachiwiri."

Abale, linali Loweruka. Ana onse anali pakhomo, zovala pachingwe. Ine ndinati, "Mwina ndi choncho, atate."

Anamenya ndodo pansi. "Aa! Ndalama yanga yapita pachabe!"

Sanatope nane. Masana aliwonse ndikaweruka, ndodo ili gogogo pakhonde, kalasi yayamba. Mukuidziwa nkhalamba imeneyi, akulu a mpingo, mmene imakondera mtsutso. Ankanena zinthu zoti ngakhale nkhuku ingakane. Tsiku lina anati Soweto Maketi, msika wa m'tauni uja, ili ku Woodlands. Ine thukuta kamukamu, ndikungoti, "Kapena anaisamutsa, atate." Amuna anga ankaseka mpaka kugwira m'mimba kuseri kwa chitseko.

Tsiku limene zinasintha sanabwere ndi nthabwala. Anakhala tsonga, nkhope yolimba, n'kunena kuti, "Buku lanulo ndamva nkhani yake. N'lachabe. Tiaphunzitsi tating'ono timeneti timakhala chete chifukwa tilibe nzeru. Kamtsikana kongochoka ku koleji kangawauze chiyani ahedi?"

Pomwepo ndinakumbukira mphunzitsi wina wachitsikana amene ndinacheza naye pa kafukufuku. Anaona kuti khoma la chimbudzi cha ana lang'ambika. Pa msonkhano ankafuna kunena, koma ahedi anali atanena kale kuti nyumba zonse zili bwino, ndiye anaopa kuoneka wamwano. Mvula itabwera khoma linagwa, mwayi wake munalibe mwana. Mtsikana uja ankalira pondifotokozera. Nditamukumbukira, ndinangomva mawu akutuluka: "Ayi, atate! Pamenepo mwalakwa! Nzeru ali nazo, chimene alibe ndi chilolezo!"

Ndinagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Ndinati lero ukwati watha, ndikalongedze. Koma apongozi anaseka mpaka chipewa chinagwa. Anati, "Eyaa! Bwerezani, mokweza, amve a ku Avondale!" Kuyambira pamenepo tinkatsutsana mpaka tiyi kuzizira.

Tsiku la difensi linafika. Ndinalowa m'chipinda muja. Pakati pa mapulofesa panali gogo wina, mutu mbuu ngati thonje, magalasi pamphuno. Enawo anafunsa, ndinayankha bwino. Kenako gogo uja anatseka buku langa pang'onopang'ono, n'kunena kuti, "Madamu, ife ndife anthu a ulemu. Mwana sayankha wamkulu. Buku lanuli likufuna kuphwanya mwambo wathu. Si choncho?"

Abale, "Zoona, bambo" anafika apa, pammero penipeni. Maso anga anali atayamba kale kutsika. Potsika paja anagwera pa kasosala ka kapu ya tiyi imene inali patsogolo pa gogoyo. Ndinaona mbale ya apongozi. Ndinati mumtima, Yesu ndigwireni. Ndinadzutsa mutu.

Ndinati, "Ayi, ba Pulofesa, ndi ulemu wonse, sindikuvomereza." Zonsezi m'Chingerezi, koma mtima unkalankhula Chichewa. Ndinati, "Mwambo wathu sunatseke pakamwa pa mwana n'kutaya kiyi. Kiyi unapatsa wamkulu. Wamkulu akafuna kumva zoona, ndiye amaika mbale pansi, n'kunena kuti ndatsekula pakamwa pako. Aphunzitsi amene ndinacheza nawo sakufuna kuchita mwano, akudikira mbale. Hedi amene satsekula pakamwa pa aphunzitsi ake ndiye wasiya mwambo, ndipo khoma likadzagwera mwana, adzakhala womaliza kudziwa." Ndinatsekula buku, ndinamuonetsa masamba, ndinalankhula mpaka wapampando anachita kukweza dzanja kuti zakwana.

Gogo uja anavula magalasi. Anati, "Mtsutso umenewu anakuphunzitsani ndani?" Ndinati, "Apongozi anga aamuna." Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Gogo uja anati, "Mukawauze kuti wophunzira wawo wakhoza."

Wakhoza, abale! Anangondipatsa tokonza pang'ono. Ndinatuluka, ndinaliza nthungululu pakhonde la yunivesite, anthu ophunzira akundiyang'ana, ine ndilibe nazo ntchito. Ndipo pamene ndikulankhula pano, andipatsa sukulu yoti ndiyendetse. Pa msonkhano wanga woyamba ndinaika mbale ija patebulo, ndinaponyamo kandalama, ndinauza aphunzitsi anga kuti mutu umodzi susenza denga, ndatsekula pakamwa panu. Kenako kamnyamata kena kongoyamba kumene ntchito kanakweza dzanja, n'kunena kuti ndondomeko ya maphunziro imene ndinakonza yaika makalasi awiri m'chipinda chimodzi. Kanali kolondola! Ndinakathokoza pamaso pa onse.

Amene akudandaula tsopano ndi mmodzi yekha. Apongozi anga adokotala anawaletsa shuga, adokotala enieni a jakisoni. Kale akati thirani masupuni ena, ndinkathira, ndikanatani? Dzana anati, "Amake Tisa, onjezerani shuga." Ndinagwada bwinobwino, ndinawayang'ana m'maso, ndinati, "Ayi, atate." Anati, "Bwezani mbale yanga!" Ndinati, "Mbale ili ku ofesi, ikugwira ntchito."

Ali pomwe pano, ndi awo akubisa nkhope ndi chipewa. Atate, imirirani mpingo ukuoneni. Imirirani ndithu, musakane, lero ndikulamula ndine. Ndinapempha Mulungu kuti atsekule pakamwa panga, ndipo anatuma munthu yekhayo amene sindinkayembekeza kuti ndingadzalankhule naye pa dziko lino. Zikomo atate, zikomo amuna anga, zikomo inu nonse amene munkandipempherera, ndipo koposa zonse zikomo Yehova.

Azimayi, nthungululu zili kuti? Achinyamata, ng'oma imeneyo isagone! Imirirani nonse, kondwerani nane, pakuti amake Tisa aja a "Zoona, bambo" lero akulankhula. Ameni!