Tsiku Limene Ndinaotcha Kanyenya ku Biwi

Omvera anzanga, ine sindidya nyama. Ndinaisiya ndili mtsikana, nditalonjeza kwa Mulungu kuti sindidzaidyanso. Koma bambo amene ndakwatirana nawo chaka chino amaotcha kanyenya wogulitsa ku Biwi, kumene kuli magalaja ambiri.

Mwezi watha anadwala malungo atagula kale nyama yambiri, ndipo ikanaonongeka. Ndinadzifunsa ngati kuigwira n'kuphwanya lonjezo langa. Nditapemphera, ndinamanga chitenje n'kupita kukaotcha ndekha. Fungo lake silinkandikomera, koma ndinapirira.

Makaniko wina anandifunsa kuti, "Amayi, mchere wakwana?"

"Lawani mundiuze, bambo. Ine sindidya."

Anaseka, analawa, kenako anaitana anzake kudzagula, nyama yonse n'kutha.

Pobwerera ndinapeza amuna anga atadzikoka kuchoka pamphasa, akundiphikira nyemba thupi likunjenjemera. Zinali zitapserera pansi. Tinadalitsa chakudyacho, ndipo ndinadya osasiyako.