Mbiri ya Bambo Jabez Holroyd, mmisiri wa njerwa za m'ngalande

Abale ndi anansi, ndayima pano ndine Reuben, mkamwini wa malemu.

Malemu Bambo Holroyd anabadwa pa 9 Malichi 1798 kuno ku Scarholme. Sukulu anangoinunkha ya pa Sabata, kenaka anaphunzira kumanga njerwa. Mu 1820 anakwatira Mayi Keziah, omwe anatsogola kale, ndipo anabereka ana atatu.

Mu 1839 analembedwa ntchito yoboola phiri ili kuti sitima izidutsa pansi pake. Achinyamata mumayesa ngalande ija inayambira kukhomo. Ayi. Ankakumba zitsime kuchokera pamwamba pa phiri, kutsitsa anthu m'migolo, n'kumaphulitsa thanthwe ndi onga mbali zonse ziwiri, mzere akuulondola ndi chingwe ndi makandulo. Okumba akapita patsogolo, malemu ankabwera m'mbuyo kumanga denga la njerwa, madzi ali m'mawondo.

Mu Novembala 1843 denga linagumuka pansi pa chitsime chachitatu, ndipo linakwirira mwana wawo woyamba, Amos. Akuluakulu a ntchito anakana kufukula, ati phiri lingatsikenso. Analamula kuti pamalopo pamangidwe khoma, mtembo uli momwemo. Malemu anakaniza mmisiri wina aliyense kugwirapo. Khoma limenelo anamanga okha, ndipo mpaka lero silidontha.

Ngalande itatsegulidwa mu 1845, iwo sanakwerepo sitima. Ulendo wa kutsidya ankakwera phiri wapansi, kaya kugwe chisanu chotani. Tinkawanena kuti ndi nkhutukumve, ine ndemwe. Iwo ankangoti sangadutse pa mwana wawo atakhala pampando ngati bwana.

Fumbi la m'ngalande linawadya mapapo pang'onopang'ono. Anagonekedwa m'chipatala kutsidya kwa phiri, kumene anatisiya pa 17 Novembala 1868. Asanatsirizike anapempha kuti thupi lawo lisazungulire phiri pa ngolo, koma lidutse m'ngalande pa sitima. Anati wogona m'bokosi si bwana.

Asiya ana awiri, Tabitha ndi Enoch, ndi adzukulu asanu ndi awiri.

Tikuthokoza a mpingo, okumba manda, ndi amisiri anzawo omwe anyamula bokosi. Mwapadera tikuthokoza woyendetsa sitima ya m'mawa uno. Sitinamupemphe, koma titafika pachitsime chachitatu anachepetsa liwiro, n'kuliza mluzu mumdimamo. Zinatiwawa, abale, tonse tinalira. Papita zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo lero bambo ndi mwana aonana.

Ause mumtendere, Bambo Holroyd. Nayenso Amos ause.