A Makina Aphunzitsa Ali m'Dzenje

Chibwerereni ku maphunziro a alimi ku boma la Phalombe, kumene mtsikana wina wa bungwe anawauza kuti mutu wa munthu umatchera mwini wake misampha, a Makina, mkamwini wa kwa Mkhumba, ankauona mudzi wonse ngati khola la mbuzi. Mmawa umenewu anali pansi pa chitsime chimene akhala akukumba m'dimba la mkazi wawo chiyambire nyengo yokolola, chopanda ndi dontho lomwe, pamene mkazi wawoyo, Zelifa, anali pamwamba akukoka ndowa ya dothi.

“Mayi a Atikonda,” anaitana a Makina, “tagwirani dothi limene lakwera pa ndowayo. Mukumva bwanji?”

Mutu wa Zelifa unatulukira pakamwa pa dzenje, utatchinga theka la thambo.

“Ndikumva dothi.”

“Lifinyeni.”

“Ndalifinya.”

“Nanga?”

“Likadali dothi.”

A Makina anapukusa mutu mwachisoni. Umu ndi mmene analili anthu osaphunzira. Chinthu chili m'manja mwawo, koma maso ali kwina.

“Ndi lonyowa, mayi. Madzi ayandikira. Koma inu simungaone, chifukwa munagamula kale mumtima kuti pano palibe madzi. Umenewo ndiye msampha woyamba. Munthu amaona chokhacho chimene akufuna kuona.”

“Aa, ine madzi ndikuwafuna. Mbande za tomato zikufota pa nazale apo. Ndikanakhala woona zimene ndikufuna, bwenzi ndikuona dziwe.”

“Sindikunena zimenezo.”

“Dothili mwalitapa mbali iti?”

“Chakum'mawa kuno.”

“Si mbali imene mumatembenukira mukafuna kutaya madzi? Paja mumati kukwera kunja n'kutaya nthawi.”

A Makina anayang'ana pamene anatapapo. Ananunkhiza chala mobisa, n'kuchipukutira pa kabudula.

“Zimenezo ndi zina. Mvetserani, ndikuphunzitseni. Mtsikana uja anatiuza kuti munthu aliyense amayenda atavala magalasi.”

“Anagawa magalasi?”

“Osaoneka.”

“Ndiye kuti sanagawe.”

“Ali m'mutu. Wina ake ndi ofiira, amaona zonse zofiira. Wina ake ndi akuda.”

“Anu ndi amtundu wanji?”

“Ine ndinavula.”

“Munawasiya kuti?”

“Ku boma.”

“Koma bambo a Atikonda, inu simubwera ndi kanthu mukapita ku boma. Chipewa munasiya m'minibasi, ambulera munasiya kuchipatala, lero magalasi.”

A Makina anakoka mpweya, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, monga anawaphunzitsira. Kale akanakalipa. Tsopano anali munthu wina, munthu wodziwa mmene mutu umagwirira ntchito, ndipo munthu wotere sakalipira mbuzi chifukwa chakuti yalira.

“Tsitsani ndowa.”

Ndowa inatsika, n'kuwagunda paphewa. Anamenya piki kangapo. Pansi panalira ngati agogoda mphika wosweka, ndipo fumbi lofiira linawakwera m'mphuno.

“Msampha wachiwiri,” anatero akutsokomola, “ndi wa nkhuku yanu ija.”

“Nkhuku yanga yakodwa?”

“Mwakodwa ndinu. Thadzi lija linasiya kalekale kuikira. Bwanji mukulisungabe?”

“Ladya gaga wanga wambiri. Ndingolitaya?”

“Mwamva? Mwadzigwira nokha. Gaga amene linadya anapita. Sabwerera. Koma mutu ukukunamizani kuti poti mwavutika kale, pitirizani kuvutika. Munthu wanzeru amafunsa funso limodzi: kuyambira lero, chinthuchi chindipatsa chiyani? Ngati palibe, mpeni.”

“Ndiliphe?”

“Lero lomwe.”

Zelifa anagwedeza mutu pang'onopang'ono. A Makina anamwetulira mumdima wa m'dzenjemo. Phunziro linali litalowa.

“Nanga chitsimechi chadya zingati?” anafunsa Zelifa.

“Chitsime sichidya.”

“Chadya mipini ya makasu. Chadya bedi la mpiru, dothi lanu lakwirira. Mbuzi ya a Sellina inagweramo n'kuthyoka mwendo, mpaka lero mchemwali wanga sandiyankha moni. Kuyambira lero, chitipatsa chiyani?”

“Madzi.”

“Thadzi nalonso ndimati litipatsa mazira.”

“Chitsime si nkhuku, mayi.”

“N'zoona. Nkhuku ukaipha umadya.”

“Ndafika kutali ine. Mukufuna thukuta lonseli lipite pachabe?”

“Ndimayesa gaga sabwerera.”

“Gaga ndi gaga. Ili ndi thukuta la munthu wophunzira.”

Anamenyanso piki, mwaukali. Inadumpha pamwala n'kuwanjenjemeretsa mikono mpaka m'mano. Anadzaza ndowa ndi zibuma zouma, akusamala kuti asatape chakum'mawa.

“Kokani.”

Zelifa anakoka, n'kukhuthula, n'kubwerera.

“A Dyson, oyandikana nafe, madzi awo atuluka dzulo,” anatero. “Akumba kumunsi kuja, pafupi ndi bango. Sanafike ndi m'chiuno momwe.”

A Makina anaseka kuseka kwa m'mphuno.

“Dyson. Mukudziwa chifukwa chake anakumba kumunsi? Chifukwa a Goodman anakumba kumunsi. A Goodman anakumba kumunsi chifukwa bambo awo anakumba kumunsi. Msampha wachitatu umenewo, wotsata gulu. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza. Akungolondolana ngati linthumbu.”

“Koma onsewo madzi anawapeza.”

“Ndiye msamphawo.”

“Msampha wake umagwira madzi?”

“Umagwira anthu.”

“Anthu ake ali ndi madzi.”

“Anawapeza mwaumbuli.”

“Madzi a umbuli tomato samera nawo?”

“Mayi a Atikonda, mukumva mawu, tanthauzo likukudutsani pamwamba.”

“Pamwamba ndili ine. Palibe chadutsa.”

A Makina anakhala pa mpini wa piki. Anayang'ana kachidutswa ka thambo kamene kanatsala, koyera ngati phulusa, kopanda mtambo. Anadzimvera chisoni, chisoni chokoma cha munthu amene wazindikira yekha pakati pa ogona. Kutchalitchi anali atasiya kupita ku misonkhano ya abambo, chifukwa onse kumeneko amangovomerezana. Pabawo anali atathamangitsidwa, atauza mkulu wina kuti sikuti amadziwa kusewera, amangokumbukira masiku amene anawina. Sanadandaule. Kuona bwino kuli ndi mtengo wake.

“Vuto lanu,” anatero mofatsa, “mukuganiza kuti mukulankhula ndi Makina wakale. Makina uja anafa.”

Mutu wa Zelifa unasuzumira kwambiri.

“Anafa liti?”

“Ku boma, tsiku la maphunziro.”

“Mayo. Uthenga sunafike kuno. Anaikidwa komweko?”

“Ndikunena mwafanizo.”

“Ndiye inu ndinu ndani?”

“Makina watsopano.”

“Amene anandikwatira ndi uti?”

“Wakale.”

“Ndiye inu mumalowa bwanji m'nyumba mwanga? Ankhoswe akudziwa?”

“Thupi ndi lomweli, mayi. Chasintha ndi mutu. Makina wakale ankakhulupirira zilizonse. Akalota, ankati ndi uthenga. Akaona chulu, ankati pansi pali madzi. Anali mbuli ngati Dyson.”

“Chitsimechi anayamba ndi uti?”

“Wakale.”

“Anasankha malo ano chifukwa chiyani?”

A Makina anakanda m'khosi.

“Analota. Komanso panali chulu.”

“Ndiye mbuli inalota, inafa, inu mukumalizitsa ntchito ya malemu.”

“Pa zinthu zonse analakwa. Pa malo okha anakhoza.”

“Mwadziwa bwanji?”

“Ndaunika ndi mutu watsopano. Ndadzifunsa ndekha ngati ndili mumsampha, ndipo ndapeza kuti ayi.”

“Munafunsa ndani?”

“Ndekha.”

“Anayankha ndani?”

“Ine.”

“Ndi mutu womwewo umene mukuti umanama?”

“Umanama ukakhala wosaphunzira. Wanga unachenjezedwa.”

“Oo. Ngati mbala imene yauzidwa kuti kuba n'koipa.”

“Eya. Ayi. Mukusokoneza dala inu.”

“Ine ndikungofunsa, bambo. Sindinapite ku boma.”

Ichi ndiye chinali chowawa. Zelifa sankaseka. Nkhope yake inali ya munthu amene akufunadi kumvetsa, ngati mmene amafunsira mtengo wa feteleza. A Makina anaona kuti nthawi yakwana yotulutsa mfundo yaikulu, imene anaisunga kuti ikathetse makani onse.

“Tcherani khutu. Ili ndiye lamulo lomaliza, mankhwala a misampha yonse. Munthu amene ali m'kati mwa nkhani saona bwino. Woona bwino ndi amene ali kunja. Zikavuta, wa m'kati atseke pakamwa, wakunja agamule, ndipo chimene wagamula chichitike popanda kutsutsa.”

“Popanda kutsutsa?”

“Ngakhale chiwawe. Tsono taganizani. Inu munabadwira pano. Mayi anu, agogo anu, nonse mwakulira m'dimba lino, mitu yanu inazolowera za kumunsi. Ine ndine mkamwini, kwathu ndi ku Jenala. Wakunja pano ndani?”

Anadikira, manja ali m'chiuno. Zelifa anayang'ana pansi pamene panali mwamuna wake. Anayang'ana mapazi ake, amene anaponda pa udzu. Anayang'ananso pansi.

“Ine,” anatero.

“Inu bwanji?”

“Inu muli m'kati. Ine ndili kunja.”

“Sindikunena dzenje. Ndikunena nkhani.”

“Nkhani yake ndi ya chiyani?”

“Ya chitsime.”

“Muli m'kati mwa chiyani?”

A Makina anatsegula pakamwa. Munalowa fumbi.

Mutu wa Zelifa unachoka. Kunamveka khasu likukhadzula mulu wa dothi, kenako dothi lofiira linayamba kutsika m'mbali mwa khoma, likuwakwirira zala za kumapazi.

“Mayi a Atikonda, mukutani?”

“Ndagamula. Tikwirire. Mawa tikakumbe kubango.”

“Ndili muno ine.”

“Ndikudziwa. N'chifukwa chake simukuona bwino.”

Khasu lina la dothi linatsika. Chibuma chinawagwera pamsana.

“Tsitsani makwerero.” Makwererowo ankakhala kunja, chifukwa pansipo panali popanikiza.

“Mukutsutsa?”

“Sindikutsutsa, ndikufuna kutuluka.”

“Mukatuluka mukhala wakunja. Tikhala akunja awiri, ndiye muyambanso kugamula. Vomerani muli momwemo.”

“Zelifa.”

“Mwati wa m'kati atseke pakamwa. Koma kuti muvomere mutha kutsegula pang'ono.”

A Makina anayang'ana makoma. Anali osalala, okumbidwa mwaluso, opanda pogwira. Anaganiza zokuwa, koma woyamba kufika akanakhala Dyson. Dothi linali litafika m'akakolo.

“Ndavomera,” anatero chapansipansi.

“Sindinamve. Kuno kunja kuli mphepo.”

“Ndavomera. Tikwirire.”

Makwerero anatsika. A Makina anakwera pang'onopang'ono, piki ili paphewa, kuti zioneke ngati atuluka mwa kufuna kwawo. Atafika pamwamba, kuwala kunawathobwa m'maso. Anaima pamphepete, akuphethira. Kumunsi, chakubango, madimba a anthu anali obiriwira, ndipo Dyson ankayenda ndi makheni awiri othirira akudontha. Kuno kumtunda udzu unali wofiirira, nthaka yong'aluka, phiri la Michesi likuoneka ngati likuphulika ndi kutentha. Anasuzumira m'dzenje lawo. Kuchokera pamwamba linkaoneka ngati manda a munthu wamtali amene anaikidwa choimirira.

Anasasa fumbi pa malaya, n'kukonza kukhosi.

“Pano sipangatuluke madzi,” anatero. “Ndi pamtunda. Ngakhale mwana angaone. Ine ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba, ndimangofuna kuti inu muzindikire nokha.”

Zelifa anawapatsa khasu, n'kuwayang'ana ndi nkhope yomwe ija yofuna kumvetsa.

“Nanga msampha umenewo, wonena kuti ndinadziwa kale, ndi wachingati?”

A Makina anakokera dothi m'dzenje, osatukula mutu.

“Umenewo anaphunzitsa ine ndili pamzere wa chakudya.”