Malaya a pa Nambala 9

— Halo?

— Halo, Aphunzitsi? Ndine Telala wa ku nyumba za boma, woyandikana ndi bambo anu uja.

— Aa, amayi, muli bwanji? Nambalayi ndiye yachilendo.

— Ndabwereka, yanga inagwera m'ndowa. Ndili bwino, kaya inu mwanangu?

— Tilipo. Miyendo ija?

— Ikadali yomweyo, koma makina ndikupalasabe. Ana? Bambo akunyumba?

— Onse ali bwino.

— Nanga bambo anu, a Wapampando a komiti yathu, adzuka bwanji?

— Choncho. Dzanja lamanja silikugwirabe, mawu amatuluka limodzilimodzi. Mwezi wathunthu bambo sanaponde panja.

— Mulungu awakhudze. Halo? Mukundimva?

— Mukudukaduka.

— Dikirani ndiime pa sitepe. Eya. Mayunitsi ndi a eni, ndingonena. Mukudziwa kuti a ku ofesi ya nyumba akufuna kugwetsa mzere wathu, amangepo mashopu.

— Ndingaiwale? Bambo anagwera pa masitepe a ofesi yomweyo, mapepala a masiginecha ali m'manja.

— Ndiye khoti linati nyumba yokhalamo munthu asaikhudze. Yopanda munthu amalemba mtanda wofiira, n'kuzula chitseko. Pa nyumba khumi ndi ziwiri zija, zisanu zili kale ndi mtanda. Loya wa komiti akuti zikakwana zisanu ndi imodzi mzere wonse wapita, poti denga ndi limodzi.

— Ndiye ya bambo...

— Nambala 9. Chichokereni iwo, takhala tikuisunga ngati muli munthu. Kiyi wina uja anandisiyira. Wamakala amatsegula mawindo, Anesi amayatsa wailesi, ndipo malaya awo atatu aja timawayanika pa chingwe tsiku ndi tsiku, mosinthana.

— Simunandiuzepo zimenezi.

— Munali ndi katundu wanu kale. Tsono dzana linali tsiku langa loyanika. Mvula inayamba m'mamawa, yosakata. Ine n'kutenga ambulera, n'kukayanika.

— Pa mvula?

— Malaya ouma, mwanangu, pa mvula. M'mutu mwanga munali chimodzi chokha, kuti tsiku langa lisaphonyeke. Osadziwa kuti munthu wa ku ofesi ija waimika galimoto pamsewu, akundiyang'ana.

— Mayo ine.

— Sanakalipe. Anangotsitsa galasi n'kuti, "Mayi, mwini malayawo tidzamuone ndi maso Lachisanu teni koloko."

— Lachisanu ndi mawa.

— Ndi mawa.

— Ndibwera ineyo. Ndinabadwira m'nyumba imeneyo, ndidzatsegula chitseko.

— Pa pepala pali dzina lawo. Akufuna nkhope yawo.

— Ayi, amayi. Ayi. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu akuyenda khomo ndi khomo, kudinditsa anthu zala, kudikira pa mabenchi a maofesi. Atagwa, amene akuwasambitsa ndani? Ndine. Lero ndiwakweze minibasi pa mvula, akhale chionetsero?

— Mukunena zoona.

— Adokotala anati asamaganize zambiri. Ndinataya amayi, sindikufuna kutayanso awa chifukwa cha makoma.

— Sindikukakamizani. Ndimafuna mumve kwa ine, osati kwa ena, kuti wolakwitsa ndine. Ndili ndi manyazi, ndipo ndili ndi mantha. Anesi ali ndi ana anayi, Wamakala mkazi wake ndi woyembekezera. Akhala akundilonjera bwinobwino chichitikireni, ndiye zikundiwawa kwambiri.

— Musalire, amayi... Dikirani. Bambo, musadzuke nokha, mugwa.

— Ali pompo?

— Ndimawamwetsa mankhwala, foni ndinaiika pa sipika. Amva zonse.

— Ambuye. Pepani, mwanangu, sindimadziwa.

— Bambo, mukufuna chiyani? Madzi? Ayi... Akuloza kunsi kwa bedi.

— Kuli chiyani?

— Nsapato. Chibwerereni sanazifunsepo. Bambo, mwamva zimene adokotala ananena? Mukakomoka panjira ine ndidzatani?

— Akuti bwanji?

— Angondigwira dzanja. Akuti... nenaninso, pang'onopang'ono. Akuti "abuluu."

— Malaya abuluu. Amene amavala ku misonkhano.

— Ali kuti?

— Pa chingwe. Lero ndi tsiku la Anesi.

— Kawanuleni, muwasite. Ndipeza galimoto, minibasi sangathe. Mupeze amuna awiri owanyamula pa sitepe paja.

— Mzere wonse udzakhala pakhomo. Mwanangu, zikomo, ndilibe mawu...

— Musandithokoze, mtima wanga sunavomere. Ndikungomanga zingwe za nsapato.

— Foni ikulira, mayunitsi akutha.

— Mpando wawo uja muuike pakhomo penipeni, amayi. Wofuna kuzula chitseko adzayambe wawauza kuti asunthe.

— Ndamva. Teni koloko. Muwafunditse bwino, kuno kukuzi...

— Halo? Amayi? Halo?