Nyumba ya a Chikhomo Sikupita kwa Munthu

Pepala lomwe munandilembera, alamu, ndang'amba. Munalembamo kuti amuna anga anadwala nthawi yochepa. Bodza! Anagwa padenga lanu, inu achimwene awo, atathyokeredwa ndi mtanda wodyedwa ndi chiswe umene munaupaka penti kuti usaoneke. Mbiri yawo ndiwerenga ndekha, ngakhale sukulu ndinalekezera sitandade 6.

Malemuwa, amene nonse mumawatchula kuti a Chikhomo, anabadwa mu 1968, achiwiri m'banja la ana anayi. Sukulu anasiyira sitandade 8 bambo awo atamwalira, n'kukaphunzira ukalipentala pa shedi ya kuseri kwa msika. Zaka zitatu ankangosesa utuchi ndi kunola sowo asanaloledwe kugwira tchizulo.

Tinakwatirana mu 1993. Tinayambira m'chipinda chimodzi cha lendi, chodontha pamwamba pa bedi penipeni. Tsiku lina anadzuka atanyowa mutu, nati kunyowa kwawo komaliza n'komweko.

Nyumba yathu tinaimanga anthu awiri, zaka zinayi. Chikombole anakhoma okha. Dothi la pachulu ndinkaponda ine ndi mapazi angawa, ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Njerwa tinaotcha tokha, tinamangira matope, simenti tinangoika pansi ndi m'mawindo. Mitengo ya denga anaiumika chaka chathunthu pamthunzi, n'kuipaka oyilo wakutha wa galimoto kuti chiswe chisayandikire. Polumikiza sanagule msomali: ankaboola, n'kukhomerera zikhomo za mtengo wouma. Dzina lija linachokera pamenepo, ndipo munawapatsa ndinu, alamu, mukuseka. Munkati tikumanga khola la nkhuku, mphepo ikadzaomba tidzatola denga kudambo. Zaka makumi awiri ndi zisanu zadutsa, kholalo silinadonthepo. Nyumba yanu yomangitsa kwa akontrakitala, ya mitengo yaiwisi, inayamba kupindika isanathe zaka khumi.

Ku tchalitchi anali a kwaya, mawu a besi. Mabenchi amene mumakhalira Lamlungu anakhoma ndi iwo, osalandira kanthu. Mowa sankamwa. Ndikubwereza kuti amene munauzidwa kuti anakwera padenga ataledzera mumve: mowa sankamwa.

Pa 9 mwezi watha munawaitana kuti akakonze denga lanulo. Asanakwere anafunsa ngati mtanda wapakati uli bwino, poti munthu wa matabwa saponda mtengo wopakidwa penti asanaugogode. Munawayankha kuti munasinthitsa chaka chatha, asataye nthawi. Anakukhulupirirani poti ndinu akulu awo, nyundo n'kuisiya m'thumba. Msana unathyoka pawiri. Agona m'chipatala milungu isanu, ine ndikuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa ndi supuni. Inu simunaponde ngakhale pakhomo la wodi. Anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Koma dzulo mapazi munawapeza. Thupi lili pabalaza, inu muli kuchipinda kwathu ndi tepi, kuyeza khoma. Bokosi la zipangizo zawo mwanyamula. Mwauza anthu kuti nyumbayi ndi ya banja lanu, munamanga nawo, ine ndibwerere kwathu. Munamanga nawo chiyani? Gumulani pulasitala muone: njerwa zili ndi zala zanga. Kudzanditulutsa m'menemo, mubwere ndi bokosi lachiwiri la maliro.

Bokosi agonamoli ndi la matabwa amene anasungira chitseko cha chipinda cha ana aakazi. Anzawo a pa shedi alikhoma ndi zikhomo, lopanda msomali, monga akanafunira eni ake.

Asiya ine mkazi wawo, ana aamuna awiri, ana aakazi atatu, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri, ndi achimwene awo amodzi, awo akuyang'ana pansiwo.

Bambo a ana anga, mwagwira ntchito yanu, pumulani mu mtendere. Denga lanu ndilisamala ine.

Koma inu okumba, zingwezo dikirani nazo kaye. Alamu, imirirani anthu akuoneni. Chiswe chija munachiona musanapake penti, kapena simunachione? Ndiyankheni pano, mng'ono wanu asanatsike.