A Safeli Simkonda ndi Mipeni Yawo Yopinda

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1946 ku Wenya, boma lino lisanasiye dzina la Fort Hill. Dzina lawo ndi a Safeli Simkonda, mwana woyamba wa malemu a Pius Simkonda ndi mayi Agnes Nasibale, amene akhala apa pafupi ndi bokosi. Mbiriyi ndikuinena m'malo mwa mayi awo, ndipo akuti isatalike, dzuwa lakwera ndipo kumanda akutidikira.

Anabadwa bwinobwino, mwana wonenepa, wosavuta kuyamwa. Mu 1953 anadwala malungo amene anakwera kumutu. Malungowo anachoka, koma anasiya matenda akugwa, aja timati khunyu. Tikutchula dzina lake poyera chifukwa manong'onong'o atitopetsa.

Sukulu anayamba mu 1955 ndipo analekezera Sitandade 3. Sikuti mutu unali wouma ayi. Tsiku lina anagwa m'kalasi, anzawo nkuthawira pamawindo, ndipo makolo ena anati ana awo sangakhale benchi limodzi ndi mwana wotuluka thovu kukamwa. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ankapita kukacheza ankapatsidwa mbale yawoyawo ndi kapu yawoyawo. Kumoto ayi, kumtsinje ayi, mumtengo ayi, mpeni ayi. Anzawo akusema malegeni ndi misampha, iwo ali pakhonde manja pamaondo, kungoyang'ana. Amene munakulira ku Wenya mukudziwa kuti mnyamata wosagwira mpeni anzake samuwerengera.

Mu 1960 amalume awo, a Lameck Sibale, anabwera kuchokera kumigodi ya ku Mufulira ndi mpeni wopinda, chogwirira chake cha mtengo wakuda. Mayi awo anakana, ati mwana akagwera chitsulocho adzayankha ndani? A Lameck anangoupinda mpeniwo pamaso pa mlongo wawo, nkunena kuti uwu umadziwa kutseka pakamwa. Ndiye panali pangano. Malemu ankadziwa matenda akamabwera: ankamva fungo ngati la nsalu yopserera, m'makutu nkuyamba kulira. Pangano linali loti mpeni azitsegula atakhala pansi basi, ndipo fungo lija likangofika aziupinda nthawi yomweyo nkuuika patali. Anavomera ali mnyamata, ndipo mayi awo sanawapezepo ataphwanya.

Bambo awo anamwalira mu 1964. Mu 1966 banja linasamukira kuno ku Lufita kuti mapiritsi a kuchipatala azipezeka pafupi, pakuti kuchokera ku Wenya wapansi mwendo unkatupa. Kuno ndi kumene mipeni inachuluka. Amuna obwera kuchokera ku Joni, amalonda a ku Tunduma ndi ku Isoka, aliyense wotulutsa mpeni wopinda m'thumba ankapeza a Safeli atamukhalira pambali. Ankasinthanitsa ndi nkhuku, uchi, nthawi zina dengu la mawere. Mayi awo ankakalipa, chifukwa nkhuku zimenezo zinali ndi ntchito yake, koma kukalipako kunkangopita ndi mphepo.

Mpeni uliwonse ankautchula dzina la kumene unachokera. Panali wa ku Mufulira uja, panali wa ku Mbeya wa chogwirira cha nyanga, wa ku Joni wokhala ndi kamphete kotsegulira, wa ku Ndola wothyoka nsonga umene anakana kuutaya. Inafika makumi atatu ndi kupitirira. Mwini wakeyo sanadutsepo Karonga moyo wawo wonse, chifukwa palibe ankawalola kukwera ulendo wautali okha. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankayala mkeka, kutsegula sutikesi, kunola, kudzoza mafuta a makina osokera, kupukuta. Mukawaitana kuti chakudya chazizira ankati dikirani amayi, panopa ndili ku Ndola.

Mu 1969 mlangizi wina wochokera ku Dedza anawaphunzitsa kumezanitsa mitengo. Ntchito imeneyo inawayenera chifukwa imagwirika munthu atakhala pansi. Anakumba dimba m'mbali mwa mtsinje wa Lufita, nkumafesa mango, malalanje ndi mapichesi. Mitengo yambiri imene ana anu amagenda mmudzi muno inadutsa m'manja mwawo. Zipatso zake palibe amene anaziikapo m'mbale yapadera.

Anakwatira mayi Flora Nakayange pa 12 Ogasiti 1972. Kwawo kwa mkazi kunali mawu ambiri, koma a Flora anabwera ndithu, ndipo tsiku loyamba lomwelo anatenga mbale ya amuna awo nkudyeramo limodzi. Mulungu anawapatsa ana atatu: Janet mu 1974, Felix mu 1977 ndi Evelyn mu 1980. Onse ali apa, muwaone. Palibe amene anagwapo.

Malemu anali munthu womvera. Khadi la chipani silinkachoka m'thumba la malaya, kumisonkhano ankafika msanga nkukhala kumbuyo, pansi, monga mwa nthawi zonse. Mu 1976 wina anakanena kuti kwa Simkonda kwaunjikidwa zida. A tcheyamani a nthambi yathu anabwera okha kudzaona, anatsegulitsa sutikesi, anamva mbiri ya mpeni uliwonse kuyambira Mufulira mpaka Mbeya, ndipo anabwerera kwawo mpeni wawo wa m'thumba utanoledwa. Ali pano, akhoza kuvomereza.

Pa 14 Juni chaka chino cha 1983, mmawa wa chisanu chija, malemu anapita kudimba kukamezanitsa malalanje. Matenda anawapeza ali pafupi ndi ngalande yothirira, ndipo pogwa anagubudukira mmadzi. A Flora, amene ankawatsatira ndi mbatata yootcha, anawavuula akupuma koma atamwa madzi ambiri. Anansi anawanyamula pangolo mpaka kuchipatala cha paboma. Kumeneko anayesetsa, koma chibayo chinali chitalowa. Anatisiya pa 19 Juni.

Ena mwakhala mukufunsana kuseri kuti kodi sanadzibaye pogwa. Sanadzibaye. Amene anasambitsa thupi ali pano. Mpeni unapezeka pamwala, patali ndi pamene anakhala, utapindidwa bwinobwino. Munthu anamva fungo lake lija, ndipo nthawi yochepa imene anali nayo, mmalo mokwawira kutali ndi madzi, anaithera kupinda mpeni. Atatsitsimuka kuchipatala, chimene anafunsa mayi awo chinali chimodzi, choti kodi amayi, ndinatseka? Mayi awo anawauza kuti munatseka, baba. Sanalankhulenso zambiri.

Tsopano pali nkhani imene sitingapite nayo kumanda isanathe. Achibale ena agwirizana kuti maliro akatha, sutikesi ya mipeni, mbale ndi kapu ya malemu zikaponyedwe m'chimbudzi, ati matenda amatsalira m'zinthu zimene munthu ankagwira. Mayi awo amva, makutu awo ndi abwino. Akuti mwana wawo anamusala ali moyo, kumusalanso atagona apa sangalole. Ana atatuwa bambo awo sanawasiyire nyumba ya malata kapena khola lodzaza. Chimene manja a bambo awo anakonda chili m'sutikesi imeneyo. Mukachitaya m'chimbudzi mwawauza anawa kuti bambo awo anali nyansi, ndipo mawa adzatchedwa ana a nyansi.

Ndiye timve bwino. Dzulo itaphedwa ng'ombe imene a Lameck anapereka, mipeni ya m'makhitchini inapezeka yobuntha, nyama ikungotafunika. Mayi a malemu anamasula kiyi pakhosi nkutsegula sutikesi. Wa ku Joni unasenda chikopa, wa ku Mbeya unadula chiwindi, wa ku Mufulira unaduladula nyama imene inalowa mumiphika yonse. Tonse tinadya. Ena munapempha msuzi kachiwiri, ndipo amene munayambitsa nkhani ya chimbudzi simunatsalire. Kwacha, tonse tafika pano ndi miyendo yathu. Sutikesi yatsekedwanso, kiyi ili pakhosi pa mayi awo. Mpeni womezanitsira ukhala ndi a Flora, chifukwa malalanje kudimba akudikira. Yotsalayo ndi ya Janet, Felix ndi Evelyn akadzakula. Nkhaniyo yathera pamenepa, isabwerenso pogawa zovala.

Malemu asiya mayi awo, akazi awo, ana atatu, mng'ono wawo a Wilson, mlongo wawo a Christina, ndi amalume awo a Lameck, amene akulira kuposa tonse.

Tikuthokoza anansi amene anathamanga ndi ngolo, anamwino amene anawatembenuza pabedi osanyansidwa, abusa ndi amayi a chigwirizano, a tcheyamani ndi nthambi yonse, achinyamata amene akumba nyumba yawo yomaliza, ndi inu a ku Wenya amene mwayenda wapansi mtunda wonsewo m'chisanu. Yewo chomene, Mulungu akubwezereni.

A Safeli, pangano munasunga, mayi anu alibe nanu mlandu. Kumene mwapitako kulibe kugwa. Mukakhale pafupi ndi moto, mukadye m'mbale imodzi ndi anzanu, ndipo mpeni mukatsegule muli chiimire, palibe akakuletseni.

Mzimu wanu uuse mumtendere.