Mbande ya M'mbali mwa Dambo

Pa siteji ya Chitakale, mayi wogulitsa zinanazi anacheukira bambo amene anafukata jumbo ngati khanda.

"Bambo, phulusa lili pa malayalo, mwachokera kuti?"

"Ku Chambe, pamwamba pa phirili, mayi. Timalambula njira zotchinga moto kuzungulira mikungudza."

"Mkungudza, mkungudza! Pa wailesi ndi womwewo, alendo akabwera ndi womwewo. Phiri lonseli lili ndi mtengo umodzi?"

"Musaunyoze. Moto ukaleka kufika pa mkungudza, anapulumuka kale ananzikambe, achule, mbalame ndi timaluwa tosadziwika maina. Ndani angakwere phiri kukalambulira chule?"

"Nanga pamene sunamere?"

"Pamenepo mpovuta. Pali kadambo kena komwe kankapsa chaka ndi chaka. Akuluakulu anati njira imazungulira mikungudza basi, ndipo kumeneko kunalibe ndi umodzi womwe."

"Ndiye munangokasiya? Si madambo omwewo amene amasunga madzi timamwa kuno kumunsi?"

"Ndinapempha mbande imodzi ku nazale, n'kukaidzala m'mbali mwake. Tsopano lamulo lomwelo likutikakamiza kulambula mozungulira dambo lonse."

"Aa, inu! Mtengowo ndi waukulu bwanji?"

"Ukundifika m'bondo."

"Kamtengo ka m'bondo kulondera dambo lathunthu! Koma ndinu munthu, bambo. Landirani chinanazi ichi, mukadye pobwerera kuphiri."

"Zikomo, mayi. Mvula ikagwa, achule a m'dambomo amachita kusokosera."

"Nanga kamtengoko kakadzauma, dambolo silidzapsanso?"

"Inu mukuyesa mu jumbomu ndafukata chiyani?"